Wafera mu Ukonde

Mudzi wa Mtaya,
Liwaladzi,
Nkhotakota.
Lachitatu, 16 Okutobala 1996.

Okondedwa Achemwali Asiya,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Limbeko. Ife kuno tadzuka, Alihamdulilahi, kungoti dzuwa la chaka chino lafika ndi ukali, chinangwa cha kumtunda chayamba kale kugwetsa masamba. Mkazi wanga Madina chifuwa chija chinamusiya. Mango a mtengo wa malemu amayi abereka mopitirira, moti nthambi imodzi inathyoka yokha Lamulungu.

Musadabwe kuti kalatayi ilibe sitampa. Ndaipatsira a Bakari oyendetsa lole ya nsomba zouma, amene anyamuka lero 4 koloko, ndipo andilonjeza kuti mawa m'mawa aipereka m'manja mwanu, osati kuisiya pa shopu ya alamu. Muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi, mpaka kumapeto. Ndinakulemberani pa 2 Juni ndi pa 18 Ogasiti. M'makalata awiri aja munalibe bodza, koma munalibenso zonse. Nkhani yake ndi ya mwana wanu Zaidi, amene munandisiyira pa 3 Epulo 1979 ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndiponso ndi ya ine.

Ndiyambire pa ntchito yanga, chifukwa ndinangokuuzani mwachidule. Mayi amene anandilemba ntchito ndi Dokotala Sabrina, wa ku Tanzania. Si dokotala wa kuchipatala, ndi wophunzira za nyama za m'madzi. Anafika kuno Lolemba pa 4 Marichi. Asanabwere, anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pa nyanja yamchere kwawoko akuwerenga nyama zotchedwa dolifini. Anandionetsa zithunzi. Ukaziona ungati ndi nsomba zazikulu ngati bwato laling'ono, koma zimatulukira pamwamba kudzapuma ndipo zimayamwitsa ana. Anati iliyonse ankaizindikira ndi mabala a pa chipsepse cha pamsana, monga ife timazindikirira bwato la munthu likadali patali. Mphepo ikakhala yoipa ankapita ku nyumba zosungiramo zinthu zakale, kukayeza zigaza za dolifini zimene zinafa agogo athu asanabadwe. Mawu ake anali akuti yamoyo imakuuza kumene imadya, yakufa imakuuza chimene chinaipha, ndipo munthu wofuna kudziwa zoona amafunsa zonse ziwiri.

M'nyanja yathu mulibe dolifini, ndiye kuno anabwerera akatumbu, omwe aja ankatibera chambo m'miono tili ana. Sindinkadziwa, Achemwali, kuti katumbu aliyense ali ndi madontho akeake pakhosi. Akaimirira m'madzi kuti akuyang'ane, khosi limaoneka, ndipo palibe awiri ofanana. Dokotala anasankha ine chifukwa anamva kuti pa doko pali munthu wa Sitandade 6 amene wakhala akulemba za mphepo ndi nsomba m'kope kuyambira 1984 popanda womutuma. Anthu ankandiseka nalo kope lija. Iye analiwerenga tsamba ndi tsamba, kenako anandipatsa magalasi oonera patali.

Lachinayi lililonse, tikangotha swala ya m'mawa, a Ibrahimu amandipalasira bwato kuchokera pa doko mpaka pamene kamtsinje ka Mtaya kamathira m'nyanja, ine ndili ndi magalasi ndi pensulo. Katumbu akaonetsa khosi ndimajambula madontho ake ndi kumupatsa nambala. Pofika pa 25 Epulo tinali titadziwa akatumbu 31. Nambala 7 ndinkamutcha Mkanda, chifukwa madontho ake anazungulira khosi ngati mikanda ya mkwatibwi. Nambala 19 a Ibrahimu anamutcha Shehe chifukwa cha kuyera kwa pachibwano, koma tinagwirizana kuti dzina limenelo lisatuluke m'bwato.

Pa 27 Epulo a Tedson, a kumpoto aja amene anakwatira kwa a Nachisale, anabwera atanyamula katumbu wakufa. Anakodwa m'matchera awo ndipo anamira.

"Tengani m'bale wanuyu, a sekeletale a akatumbu," anatero. "Wandidyera chambo, wanding'ambira ukonde, ndiye wafanso momwemo ngati kuti ndine ndamulakwira. Mumulembe kuti anali wakuba."

Tsiku limenelo Dokotala anandiphunzitsa kukonza chigaza. Umadula mutu, kuuwiritsa pang'onopang'ono m'chitini, kuchotsa mnofu ndi kamtengo, kuusiya pa nyerere masiku atatu, kenako kuuyanika pamthunzi. Pomaliza umamangirirapo kapepala kolimba, ndipo pamenepo umalemba nambala, tsiku, malo, dzina la wobweretsa, ndi mmene nyamayo inafera. Madina anakana kuti chitinicho chiyandikire khitchini yake, ndipo sanalakwe, poti ndi nyama yofa yokha. Ndimawiritsira kuseri kwa munda wa chinangwa, ndikatha ndimasamba thupi lonse ndisanaswali. Pa kapepala koyamba ndinalemba kuti: Wafera mu ukonde. Zinali zoona.

Kulakwa kunayamba ndi ine. Ndinaona a Tedson akusoka ukonde wawo masiku awiri, ndipo ndinaganiza kuti asodzi ena akapeza katumbu wakufa amangomutaya m'bango, ife osadziwa. Ndinauza Dokotala kuti titamapatsa ukonde watsopano aliyense wong'ambiridwa, anthu azibweretsa. Iye anati, "Bwana Kalilu, chinthu ukachiikira mphatso chikafa, sichichedwa kufa." Ine ndinaseka. Ndinati anthu a kuno ndimawadziwa, ndi abale anga, katumbu sitidya, ndipo kuyambira ndili mwana sindinaonepo munthu akutaya tsiku lake kusaka katumbu. Ndinamukakamiza masiku awiri mpaka anavomera. Lachisanu pa 10 Meyi, titatuluka mu mzikiti, ndinaima ndekha pa khonde ndi kulengeza. Pa 18 Meyi Dokotala anabweretsa maukonde makumi awiri, anawasiya m'nyumba mwanga, iye ndi kupita kukawerenga akatumbu a madera ena. Kuchokera pamenepo amabwera kamodzi pa mwezi, masiku atatu okha.

Wachiwiri anabwera pa 21 Meyi ndi msodzi wa doko la kumpoto, womira ndithu, thovu lili m'mphuno. Wachitatu anabwera naye Zaidi, Lachiwiri pa 4 Juni. Anamukulunga m'chidutswa cha ukonde wakale, madzi akudontha. Nditatembenuza khosi, mawu anatuluka okha. Ndinati, "Uyu ndi Mkanda." Ndinali nditamuona Lachinayi lapitalo akuyanika ubweya pa mwala.

"Mumawadziwa ndi maina, Anjomba?" Zaidi anandifunsa ine malume ake.

Ndinamuonetsa chojambula cha m'kope. Anachiyang'ana, anayang'ananso khosi la nyamayo, kenako anatenga ukonde wake ndi kupita.

Mnofu utachoka ndinapeza kuti chigaza cha Mkanda chinali ndi mng'alu kunkhongo, wowongoka, wautali ngati chala changa chaching'ono. Ndinaganiza kuti mwina ndine ndachiswa pokonza. Koma wa pa 13 Juni anali ndi mng'alu womwewo pamalo omwewo, wa pa 24 Juni chimodzimodzi. Awiri oyamba aja analibe. Ndinatenga nkhafi yanga ndi kuyerekeza m'mphepete mwake pa mng'aluwo, ndipo zinalowana. Madzi samenya kunkhongo, Achemwali.

Chichokereni kwa Mkanda, mitu yonse inkabwera yopanda chikopa cha pakhosi. Ndikafunsa, yankho linali lakuti nkhanu zadya. Zaidi anasiyanso kubwera yekha, ankatuma anzake, lero uyu, sabata yamawa uja. Koma ukonde uliwonse ndinali nditaumangirira kaulusi kobiriwira pa ngodya, ndipo tsiku lisanathe ndinkauona uli woyanika pakhomo pa Zaidi. Pambuyo pake ndinamva mmene amachitira. Amatchera ukonde wakale pakamwa pa kamtsinje, pamene akatumbu amatulukira m'bango, amadikira, wina akakodwa ndi kutulutsa mutu kuti apume, amamumenya.

Mundifunsa kuti ndinakhaliranji chete. Inu simunamuone Zaidi mmene anabwerera mu Febuluwale 1994, atatha miyezi iwiri akubisala m'tchire nthawi ija asilikali ankathamangitsa apayoniya. Ankakhala pansi pa mango kuyambira m'mawa, osalankhula, maso ali ofiira ndi chamba. Anthu amene kale ankamuopa ali mu yunifomu ankamulavulira malovu pafupi ndi mapazi. Kawiri konse mkazi wake Hawa anathawira kwathu ali ndi diso lotupa. Zimenezi sindinakulembereni, poti munali ndi matenda a alamu. Ndiye maukonde aja atayamba kuchuluka, munthu anasintha ndikuona. Anapeza anthu asanu omugwirira ntchito. Anasiya chamba, anameta, anayamba kuima mzere wachiwiri mu mzikiti. Tsiku lina Hawa anabweretsa kampango wamkulu, anagwada nati, "Anjomba, mwamuona mwana wanu? Wabwerera kwa anthu." Ine ndinalandira kampangoyo, ndipo tinadya.

Choncho ndinkasungunula phula la kandulo, kusakaniza ndi phulusa loyera, ndi kumata mng'alu uliwonse mpaka osaoneka. Dzanja langa mumalidziwa, silinjenjemera. Kenako ndinkalemba pa kapepala: Wafera mu ukonde. Ndachita zimenezi kakhumi ndi kawiri, kuyambira pa 4 Juni mpaka pa 8 Okutobala. Nthawi iliyonse ndinkadziuza kuti uyu ndi womaliza. Pamene ndinakulemberani mu Ogasiti kuti Mulungu wamuyang'ana Zaidi, chigaza chachisanu ndi chinayi chinali pa nyerere.

Pa 12 Sepitembala Dokotala anandikhazika pansi kuti andiwerengere lipoti lake. Zigazazo anangoziwerenga ndi kuyang'ana mano, anati kuyeza kwenikweni akachitira ku nyumba yosungira zakale ya mu mzinda. Anandiuza kuti kumeneko kuli zigaza zisanu ndi zinayi za akatumbu a kuno, zimene mzungu wina anatolera m'zaka za m'ma 1930, ndipo timapepala take tikuwerengekabe. Anati, "Tanu tikagona kabati imodzi ndi timeneto. Ife tonse titapita, munthu adzatsegula, adzawerenga dzanja la Kalilu, ndipo adzalikhulupirira." Ankanena mondiyamikira. Ine ndinayang'ana pansi, iye anayesa ndi manyazi a munthu wotamandidwa.

Ndiye anawerenga mawu omaliza a lipotilo. Poti akatumbu ambiri chonchi afera m'maukonde m'miyezi yochepa, iye apempha kuti matchera aletsedwe kuyambira pa doko mpaka pa kamtsinje. Pamenepo ndi pamene pamadya mabanja 43, Achemwali, ndinawawerenga ndekha. Ambiri mabwato awo ndi aang'ono, sangapite pakati. Msonkhano wake ndi Loweruka lino pa 19, ndipo kubwera akomiti ya pa doko ndi akuluakulu ochokera ku boma. Tsiku lomwelo Dokotala atenga bokosi la zigaza.

Mphekesera inawafika a Tedson. Lamulungu pa 6 Okutobala anafika kwathu akuchokera ku tchalitchi, jekete ili paphewa.

"A sekeletale, ndabwera kuti mundithandize masamu, poti ine sukulu ndinangoisuzumira pa windo," anatero. "Ndatchera matchera pano zaka makumi atatu. Akatumbu ofera mu ukonde wanga ndi awiri. Nanga chaka chino alowa mpingo wanji woti azidzipha okha sabata ndi sabata?"

Ndinati mwina ndi chifukwa cha mwera wa chaka chino.

"Mwera," anatero, akundiyang'ana. "Chabwino. Ine ndili ndi ana asanu ndi awiri ndi zidzukulu zinayi. Loweruka lija akatitsekera madzi, ndidzabwera nawo onse pano, muwafotokozere za mwerawo."

Sanaseke potuluka, ndipo a Tedson sachoka pakhomo pa munthu osaseka.

Lachinayi lapitali, pa 10, ndinaona akatumbu khumi ndi mmodzi okha. Tinazungulira kawiri. Ndinakhala m'bwato ndikuchotsera: pa 31 kuchotsa 14 amene ali m'bokosi, payenera kutsala 17. Asanu ndi mmodzi sakuoneka m'madzi, mulibenso m'bokosi. Pa miyala pamene pankakhala phokoso ndi minga ya nsomba pali mbee. Otsalawo saimiriranso kutiyang'ana, akangomva nkhafi amamira. A Ibrahimu anati, "Shehe uja sindinamuone chichokereni mwezi watha," ndipo anapalasa mpaka pa doko.

Lolemba pa 14, dzuwa lili paliwombo, ndinapita kwa Zaidi. Ndinamupeza yekha pamthunzi akusoka ukonde. Ndinaika chigaza cha Mkanda patsogolo pake, ndipo ndinakanda phula ndi chikhadabo iye akuona.

"Ntchito yabwino," anatero. "Ndinkadabwa kuti mayi uja sakuona bwanji."

Ndinati, "Mwana wanga, zafika pothera. Anthu atsekeredwa madzi chifukwa cha iwe ndi ine. Tiye tikanene tokha asanatinenere ena."

"Tikanene chiyani, Anjomba? Ndani anaima pa khonde la mzikiti? Ndani ankapereka maukonde? Ine dzina langa lili pa kapepala kamodzi kokha, ndipo kulemba ndimangodziwa kusaina. Inkiyo ndi yanu. Phulalo ndi lanu."

Ndinati zonsezo nzoona, ndipo ndidzayamba ndine kulankhula. Ndinamufunsa za asanu ndi mmodzi osowa aja.

"Ena ukawamenya amamira usanawagwire," anatero, singano ikuyendabe. "Anandidyera maukonde asanu ndi limodzi amenewo."

Achemwali, ananena ngati munthu wodandaula kuti mbewa zalowa m'nkhokwe. Ndinamuuza kuti nyamazo zinalibe mlandu ndi iye.

"Nanga ine ndinali ndi mlandu ndi ndani pamene anthu ankandilavulira? Inu munabwera kudzaima pakati? Munali pa doko mukulemba mphepo." Anaika singano pansi. "Ino ndi nthawi ya ufulu, Anjomba. Aliyense akudya pamene wagwira. Mwaiwala zimene anamuchita munthu uja ankati waba njinga pa msika chaka chatha? Apolisi anafika atapeza phulusa. Mukuganiza kuti a Tedson ndi anzawo akamva, adzandiitanira ku bwalo? Mukufuna kukapereka mwana wa mlongo wanu kwa anthu amenewo chifukwa cha makoswe a m'madzi?"

Mantha amenewo ndili nawo inenso. Masiku ano anthu sadikira. Ndinangoti ndidzapempha Dokotala kuti atimvere kaye patokha, maukonde tibweze, akomiti auzidwe mwaulemu iwe uli pakati pa abale ako.

Anatola chigazacho, anawerenga kapepala pang'onopang'ono, akutsatira ndi chala. Ndiye anati, "Mawu awa ndimawakonda. Wafera mu ukonde. Akangolembedwa, palibe amafunsanso." Anandibwezera m'manja, nafunsa ngati Madina ali bwino.

Dzulo, Lachiwiri, ndinatenga bokosi lonse kupita nalo kuseri kwa chinangwa. Ndinathira madzi otentha pa zigaza khumi ndi ziwiri, phula lonse linachoka. Timapepala tabodza sindinatitenthe, ndatimanga pamodzi kuti Dokotala aone chimene ndinachita. Pa tatsopano ndalemba kuti: Wamenyedwa kunkhongo, ndi tsiku lake. Pa malo a dzina la wobweretsa ndasiya popanda kanthu, chifukwa ndikufuna mwini wake alinene ndi pakamwa pake. Nditatha ndinapita kukamuuza Zaidi kuti ndachita zimenezi, kuti asadzati ndinamuchitira kuseri. Anangofunsa kuti, "Bokosilo lili m'nyumba?" Ine ndinayankha za nkhani ina. Inu ndikuuzani: lili m'shedi ya a Tedson, pansi pa matumba a mchere, pamodzi ndi kope langa. Ndinawauza kuti Madina watopa ndi fungo ndipo asatsegule mpaka Loweruka. Anandiyang'ana, koma sanafunse.

Ntchito indithera, zimenezo ndazivomera. Dokotala ndi munthu wofatsa, koma miyezi isanu ndi iwiri ya ntchito yake ndaiipitsa ndi dzanja langa, ndipo sindikudziwa kuti ndidzamuyang'ana bwanji. Chimene sindingavomere ndi choti ana a mabanja 43 agone ndi njala chifukwa cha phula langa, kapena kuti munthu wosabadwa adzatsegule kabati ndi kukhulupirira bodza lolembedwa bwino.

Pempho langa ndi ili. Kwerani basi ya Lachisanu m'mawa, mutsikire pa Liwaladzi. Musadikire kuti alamu amalize zosoka za anthu, bwerani ngakhale nokha. Ine Zaidi ndinamulera, koma sandimvanso. Inu mukakhala pambali pake Loweruka, mwina adzatsegula pakamwa yekha, ndipo anthu a pa doko amene munasewera nawo adzachita manyazi kukweza dzanja pamaso panu. Ngati zitavuta, mudzamutenge pa lole ya a Bakari, akakhale kwanu mpaka mitima itazizira. Hawa ndi mwana wawo adzakhala ndi ife. Musabwere ndi mkwiyo. Ngati pali wofunika kukalipiridwa, yambani ndi ine, chifukwa ndikanalankhula pa chigaza choyamba, lero tikanakhala ndi chimodzi choti tifotokoze.

Kanthu kena kachitika m'mawa uno, kamene kandichititsa kuti ndilembe lero lomwe. A Ibrahimu anabwera cha m'ma 7 koloko, chipewa chili m'manja, kunena kuti mawa sangathe kundipalasira, msana wawagwira. Ankalankhula akuyang'ana nkhuku. Dzulo lomweli ndinawaona atasenza thumba la mpunga kuchokera ku mseu. Pasanathe ola, Zaidi anafika atavala mkanjo woyera, anapereka salamu mwaulemu, anakhala pa mkeka.

"Ndamva kuti a Ibrahimu adwala," anatero. "Musavutike kufuna wina, Anjomba. Ndikupalasirani ndine. Mundionetse amene atsalawo, ndi maina awo."

Madina anali pakhomo akupeta. Atachoka Zaidi, anandiuza kuti ndinene kuti nanenso ndadwala, Lachinayi limodzi si kanthu. Koma chiyambireni pa 7 Marichi sindinaphonyepo, mawa ndi ulendo wa 33, ndipo ndi womaliza Dokotala asanafike. Komanso ndikakana, ndiye kuti ndamuuza mwanayo kuti ndamuyesa chilombo, ndipo munthu ukamuyesa chilombo wamutsekera njira yobwerera. Kuseri kwa bango kuli Nambala 22, wamkazi, ali ndi ana awiri amene ayamba kumene kusambira. Ndikufuna ndimupatse Zaidi magalasi awaone. Sanaonepo katumbu ali pa mtendere, amangowaona ali mu ukonde. Mwina wabwera ndi mtima umenewo. Ndavomera, ndipo tinyamuka ikangotha swala ya m'mawa.

Sindikuopa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kusambira. Ndangofuna kuti mudziwe kumene ndikhale mawa, ndi amene ndikhale naye. Mukamva china chilichonse musanafike, musafulumire kukhulupirira, ndiponso musafulumire kumuweruza.

A Bakari ayamba kuliza huta, ndiye ndilekere pano. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti shati ija anandisokera pa Idi ikadali yatsopano, ndimaivala Lachisanu lokha. Moni kwa Ikram, alimbikire mayeso, asatengere anjomba ake othera Sitandade 6. Moni kwa Luntha ndi kwa wamng'ono uja amene sindinamuonebe. Madina akupereka moni, akuti mufulumire. Hawa akupereka moni, iye sakudziwa kanthu. Ngati ndinakulakwirani pa kaleredwe ka mwana wanu, mundikhululukire lero lomwe, musasunge mpaka tidzaonane.

Zaidi ndinamuuza kuti ndikulemberani. Anafunsa kuti positi imatenga masiku angati kufika ku Limbe, ndinati sabata. Za a Bakari sindinamuuze. Wati ndikupatseni moni wambiri, ndipo wati musadere nkhawa za anjomba, awasamala ndi iye.

Mulungu akusungeni pa msewu.

Ndine mlongo wanu,
Kalilu.